Achimwene, musanayende ulendo wautali kukaona nyenyezi

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: kumene mungapeze malo amdima oonerako nyenyezi kutali ndi magetsi a mumzinda, komanso telesikopu yoti mugule. Nkhani ya telesikopuyo ikhale kaye pambali. Chipangizo chimenechi chimasonkhanitsa kuwala kulikonse kumene kwalowa m'kati mwake, kwa nyenyezi ndi kwa magetsi komwe, ndiye mukachiimika pamalo olakwika ndalama zanu zangolowa m'madzi. Ine ndiyankha za malo.

Amene akuuzani kuti mungokwera phiri lililonse sanakuthandizeni. Phiri loyang'anizana ndi mzinda ndi loipa kuposa chidikha, chifukwa mukafika pamwamba magetsi onse a mzindawo amakulasani m'maso popanda chotchinga. Phiri limathandiza likakhala pakati pa inu ndi mzinda.

Koma musanasankhe malo, sankhani tsiku. Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera ulendo wawo. Mwezi wathunthu umafafaniza Mlalang'amba ngakhale muli pakati pa chipululu, moti munthu amawononga mafuta kupita kutali n'kukaona zomwe akanaona pakhonde pake. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti uchoke mumdima n'kubwereranso mumdima, ndipo usiku wabwino ulipo pafupifupi 10 wokha. Yambani kuwerenga kutatsala sabata imodzi kuti mwezi ulowe mumdima: nthawi imeneyo umakhala theka ndipo umatuluka cha pakati pa usiku, ndiye madzulo onse ndi anu. Tsiku lililonse umachedwerako kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50. Pitirizani mpaka masiku 3 kapena 4 utaonekanso, pamene umakhala kachidutswa kochepa kolowa msanga. Pulogalamu ya Stellarium imasonyeza nthawi yotuluka ndi yolowa mwezi pa malo alionse. Musaiwalenso kuti dzuwa likalowa sikuti kwada. Mdima weniweni umayamba dzuwa likatsika madigiri 18 pansi pa chizimezime, ndipo m'maiko otentha zimenezi zimatenga ola limodzi ndi mphindi 15 kapena kupitirirako pang'ono.

Tsopano mapu. Tsegulani lightpollutionmap.info. Malo oyera, ofiira ndi achikasu ndi oti muwathawe. Obiriwira ndi oyambirapo, abuluu ndi abwino, otuwa ndi akuda ndiwo mdima weniweni. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: pa mapupo pali zosankha zingapo. Ya VIIRS imasonyeza kuwala kumene setilaiti yaona kukuchokera pansi, ndiye malo opanda nyumba amaoneka akuda bii ngakhale ali makilomita 10 okha kuchokera mumzinda, pamene thambo lake ndi lowala. Yosonyeza mmene thambo lenilenilo likuwalira ndi ya World Atlas 2015, yochokera ku kafukufuku wa Fabio Falchi ndi anzake amene anasindikizidwa mu 2016. Kafukufuku ameneyu ndi amene anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi sangaone Mlalang'amba kumene amakhala. Vuto lake ndi loti ndi wakale, ndipo mizinda yakula. Vuto lina, chipangizo cha VIIRS cha pa setilaiti, chimene mapu awiri onsewa amadalira, sichiona bwino kuwala kwa buluu, pamene magetsi oyera a LED amatulutsa buluu wambiri, ndipo buluu ndi amene amamwazika kwambiri mumlengalenga. Choncho mapu akanena kuti malo ndi abwino, muziyembekezera kuti mukapeza ocheperako pang'ono.

Mudzamva anthu akutchula nambala za Bortle. Uwu ndi muyeso umene John Bortle anasindikiza mu 2001 m'magazini ya Sky & Telescope, kuyambira 1, mdima wopanda chilema, mpaka 9, pakati pa mzinda waukulu. Musavutike kusakasaka 1. Kuchoka pa 7 kufika pa 4 ndiko kusintha kwakukulu kumene maso anu adzaone, ndipo malo a 4 amene mungafikeko mu ola limodzi mwezi uliwonse amaposa malo a 2 amene mungapiteko kamodzi pa chaka.

Za mtunda, pali lamulo limene katswiri wina wa zakuthambo, Merle Walker, anapeza m'zaka za m'ma 1970: mukawirikiza kawiri mtunda wochokera mumzinda, kuwala kwake pathambo kumatsika pafupifupi ka 6. Ndiye makilomita oyambirira ndi amene amapindula kwambiri. Kuchoka pa 10 kufika pa 20 mwapindula chimodzimodzi ndi kuchoka pa 40 kufika pa 80. Tauni yaing'ono mungaithawe ndi makilomita 20 kapena 30, koma mzinda wa anthu mamiliyoni umaonekerabe pansi pa thambo ngakhale mutapitirira makilomita 100.

Chimene ndingakuumirizeni kwambiri ndi mbali yolowera, chifukwa mapu sakuuzani zimenezi. Kuwala kwa mzinda kumakhala pamwamba pake ngati mbale yovundikira, ndipo kumadya mbali imodzi yokha ya thambo lanu. Inu ndi amene mumasankha mbali yoti idyedwe. Tulukirani kum'mwera kwa mzinda kuti kuwalako kukhale kumbuyo kwanu, kumpoto. Kwa amene ali kum'mwera kwa equator, zokongola zambiri zili kum'mwera komweko: nyenyezi zooneka ngati mtanda zotchedwa Southern Cross, chigamba chakuda cha Coalsack chimene chili pambali pake, gulu la nyenyezi la Omega Centauri, ndi Mitambo iwiri ya Magellan, milalang'amba ing'onoing'ono yooneka ngati mitambo yotuwa. Kwa amene ali kumpoto kwa equator, pakatikati pa Mlalang'amba pamaonekeranso kum'mwera. Mukatulukira kumpoto, zonsezi mudzaziyang'ana kudzera m'kuwala kwa mzinda. Onetsetsaninso kuti kutsogolo kwanu kulibe tauni ina, mgodi, fakitale kapena bwalo la masewera. Malo a makilomita 40 kum'mwera akhoza kuposa a makilomita 70 kumpoto. Mapulaneti monga Jupiter, Saturn ndi Nthanda safuna mdima, amenewo muziwaonera kunyumba.

Mukasankha malo awiri kapena atatu pa mapu, kawaoneni masana. Musadumphe zimenezi. Babu limodzi la chitetezo loyaka pa mamita 200 limaononga maso kuposa tauni yonse ya kutali, ndipo silioneka pa mapu alionse. Yang'anani mapolo a magetsi, nsanja za mafoni, malo omwetsera mafuta ndi nyumba zokhala ndi magetsi a sola. Yang'anani msewu: pokhotera ndi poipa, chifukwa galimoto iliyonse ikamakhota nyali zake zimasesa malo onse. Khalani mamita mazana angapo kuchokera pamsewu waukulu, pamene pali chulu, mitengo kapena chitunda chokutchingani. Kenako tambasulani dzanja, mukunge chibakera: chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Mitengo kapena phiri la kum'mwera lisapitirire zibakera ziwiri. Kumbali ya mzinda, likatalika ndiye bwino.

M'mbali mwa nyanja, mtsinje kapena dambo mumaoneka mokopa chifukwa ndi poyera, koma usiku mpweya wozizira umatsikira m'malo otsika ndipo nkhungu ndi mame zimayambira kumeneko. Malo okwera pang'ono, pamtetete wa chitunda, ndi amene amakhala ouma. Pansi pakhale dothi lolimba kapena miyala ing'onoing'ono. Phula ndi simenti zimatulutsa kutentha kwa masana usiku wonse, ndipo nyenyezi zimanjenjemera mu telesikopu. Udzu wautali umanyowetsa zinthu komanso umabisa njoka. Utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi nazo zimaphimba nyenyezi ndi kukulitsa kuwala kwa mzinda, n'chifukwa chake usiku wotsatira mvula, mitambo ikachoka, umakhala woyera kuposa masiku ena onse.

Mame aja ndi amene amathetsa maulendo ambiri nthawi isanakwane. Galasi loloza kumwamba limazizira kuposa mpweya, kenako limachita nthunzi, nyenyezi n'kuyamba kuoneka zofufuma. Pa zanyengo yang'anani nambala ya dew point, kutanthauza kutentha kumene mame amayambira kupangika: ikayandikana ndi kutentha kwa usiku ndi madigiri 2 kapena 3, mame agwa ndithu. Kulungani chipepala cholimba kapena siponji yopyapyala kukamwa kwa telesikopu, itulukire kutsogolo kutalika kofanana ndi kukula kwa galasi kamodzi ndi theka. Mukapuma, lozetsani telesikopu pansi ndi kuivundikira. Musapukute galasi lonyowa ndi malaya, mudzalikanda.

Mukafika usiku, maso apatseni mphindi 20 mpaka 30 musanaweruze malowo. M'maso muli mankhwala otchedwa rhodopsin amene amachuluka pang'onopang'ono mumdima, ndipo kuwala koyera kwa masekondi ochepa kumawaononga, n'kuyambiranso kudikira. Foni ndiye mdani wamkulu. Itsitseni kuwala mpaka kumapeto, muyatse mtundu wofiira wa usiku mu Stellarium, ndipo mauthenga muwatseke. Tochi ikhale yofiira komanso yofooka. Mungamate pulasitiki yofiira kawiri kapena katatu pa tochi wamba. Yofiira yowala kwambiri imaononganso. Nyali ya m'kati mwa galimoto, ija imayaka mukatsegula chitseko, izimitseni musananyamuke.

Nazi njira zoyezera malo popanda chipangizo. Yang'anani mitambo ngati ilipo: pamalo amdima weniweni imaoneka yakuda, yotchinga nyenyezi, pamene pafupi ndi mzinda imakhala yoyera kapena yofiirira chifukwa ikuwalitsidwa kuchokera pansi. Yang'anani Mlalang'amba: ukamaoneka ngati mzere wotuwa chabe, malowo ndi apakatikati, koma mukamaona mikwasa yakuda ikuugawa pakati ndi zigamba zowala m'mbali, mwapeza. Pakatikati pake, cha ku magulu a nyenyezi a Scorpius ndi Sagittarius pafupi ndi nyenyezi yofiira ya Antares, pamakwera bwino madzulo kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Kum'mwera kwa equator yesani Mtambo Waung'ono wa Magellan kumapeto kwa chaka. Ukaoneka mosavuta, malowo asungeni. M'kagulu ka nyenyezi ka Nsangwe anthu ambiri amawerenga nyenyezi 6, koma pamdima wabwino wa maso akuthwa amapitirira. Chinthu chofooka musachiyang'ane mwachindunji, yang'anani pambali pake pang'ono, chifukwa mbali ya diso imene imaona mumdima ili m'mphepete osati pakati.

Ofuna nambala amagwiritsa ntchito kachipangizo ka Sky Quality Meter ka kampani ya Unihedron. Mumakalozetsa pamwamba penipeni. Mumzinda kamawerenga 17 kapena 18, pamalo abwino 21 kupita m'mwamba, ndipo 22 ndi kumapeto. Kusiyana kwa nambala imodzi ndi kuwala kowirikiza kawiri ndi theka. Werengani kangapo, yoyamba muitaye, ndipo musawerenge Mlalang'amba uli pamutu.

Pali malo ovomerezedwa ndi bungwe la DarkSky International, monga NamibRand ku Namibia ndi Aoraki Mackenzie ku New Zealand, onse a 2012. Ndi abwino, koma malo amalowa pamndandanda umenewo eni ake akapempha, ndiye malo ambiri amdima padziko lapansi sali pamenepo. Musaganize kuti kwanu kulibe mdima chifukwa simunakuone pamndandanda.

Chitetezo musachipeputse. Malo amdima ali ndi eni ake, ndiye pemphani masana ndi kufotokoza zimene mukudzachita, chifukwa anthu oima m'tchire usiku ndi chinthu chachitali chooneka ngati mfuti amaopsa aliyense. Kumalo osungirako nyama funsani malamulo oyendera usiku. Musapite nokha, ndipo wina kunyumba adziwe kumene muli ndi nthawi yobwerera. Sungani mapu mufoni pasadakhale popeza netiweki ikhoza kusowa. Galimoto muiimike yoloza kotulukira. Valani nsapato zotseka ndi zovala zofunda kuposa mmene mukuganizira, chifukwa munthu wongoima amazizidwa msanga, ndipo mabatire nawo amatha msanga kukazizira. Woyendetsa asakhale wa tulo pobwerera. Ngati n'kotheka gonani komweko.

Ulendo woyamba tengani ma binoculars a 7x50 kapena 10x50 ndi mpando wotsamira, telesikopu idzabwera mukadziwa malo anu. Mukanena mzinda umene mukuchokera ndi misewu yotulukira kum'mwera kwake, tingathandizane kuwerenga mapuwo.