Fungo la nkhungu m'chipinda chogona

Funso: Akonzi, chiyambireni mvula, m'chipinda chathu chogona mumamveka fungo la chinyontho, ndipo mwana wathu wodwala mphumu akutsokomola kwambiri usiku, komabe makoma akuoneka oyera. Kodi tipake penti wina kapena tiitane mmisiri? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, musathamangire penti, chifukwa amangophimba vuto kwa kanthawi ndipo amadzasendeka. Nkhungu imayamba kumera pamalo onyowa pakangotha maola 24 mpaka 48, ndipo imakonda kubisala pamwamba pa siling'i, kuseri kwa wadirobu ndiponso pansi pa kapeti.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wafufuza kumene madzi akuchokera. Mwina ndi malata odontha pamisomali, paipi yong'aluka mkati mwa khoma, kapena chinyontho chokwera kuchokera m'nthaka ngati omanga sanaike pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko. Akatseka gwerolo, amachotsa ndi kutaya mabolodi a siling'i amene adanyowa, popeza nkhungu ikalowerera m'zinthu zomwa madzi sichoka ndi kupukuta. Amavala magolovesi ndi chophimba mphuno, amatseka chitseko kuti fumbi lisafalikire m'nyumba monse, kenako amadikira khoma liumiretu asanalipake penti. Wokuuzani kuti angopopera mankhwala osakwera kudenga, ameneyo musamupatse ntchito.

Malo osakwana mita imodzi m'litali ndi m'lifupi mungathe kutsuka nokha ndi sopo ndi madzi, koma Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya wapoizoni. Mwanayo asamukire chipinda china lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala kuti akamupime.