Amuna Owothera Dzuwa Lolemba

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo kufunsa ngati ku Spain kuli filimu yosonyeza moyo wa anthu ochotsedwa ntchito m'mafakitale, popeza mafilimu a kumeneko amene wawaonapo ambiri ndi a zachikondi. Bambo, ndikukulangizani kuti muyambe ndi "Los lunes al sol" ya mu 2002, yomwe anaitsogolera Fernando León de Aranoa. Dzinali likunena za kuwothera dzuwa Lolemba, tsiku limene anthu ena onse amalawirira kuntchito.

Filimuyi anaijambula mumzinda wa Vigo, koma gwero lake ndi kuchotsedwa ntchito kwa anthu opanga sitima zapamadzi ku Gijón, komwe ogwira ntchito ankalimbana ndi apolisi m'misewu. Mavuto amenewa anakula m'zaka za m'ma 1980, pamene boma la Felipe González linayamba kuchepetsa mafakitale a zitsulo ndi a sitima, dzikolo likukonzekera kulowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1986.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ulova sanauonetse ngati njala, koma ngati manyazi. Santa, mmodzi mwa amuna ochotsedwa ntchito m'filimuyi, yemwe amaseweredwa ndi Javier Bardem, akukana kulipira mapeseta (ndalama zakale za ku Spain) 8,000 a getsi la mumsewu limene anaphwanya pa sitiraka, ndipo sikuti ndalamayo ndi yochuluka ayi, koma kwa iye kulipira kuli ngati kuvomera kuti analakwa ndi ogwira ntchitowo. Mnzake Lino amadetsa imvi zake asanapite kukafunsidwa za ntchito, poopa kuti amukana chifukwa cha ukalamba, koma thukuta limamuulula utoto ukayamba kuyenderera m'khosi. José naye amapsa mtima kubanki pozindikira kuti dzina lofunika pa ngongole ndi la mkazi wake, Ana, amene amagwira ntchito mufakitale yoika nsomba m'zitini. Gawo limeneli ndimalionera mobwerezabwereza, chifukwa mwamunayo sakukwiyira banki yokha.

Musayembekezere kulira kokhakokha, nthabwala zilimo zambiri, monga pamene amaonera mpira ali padenga pomwe mbali ina ya bwalo sikuoneka, n'kumangoyerekeza mmene chigoli chalowera.

Filimuyi inapambana mphoto zisanu za Goya, zomwe ndi mphoto zazikulu za mafilimu ku Spain, ndipo Spain inaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'malo mwa "Hable con ella" ya Pedro Almodóvar. Mukamaliza, mufunefune "El buen patrón" ya mu 2021, ya wotsogolera yemweyo, momwe Bardem wasanduka bwana wochotsa anzake ntchito.