Ukufuna za nutrition? Chemistry usaisiye

Mtsikana wina wa Fomu 3 wafunsa kuti akufuna kudzaphunzira za nutrition ku Bunda koma mutu wa ma carbohydrate, ma protein ndi ma lipid ukumuzunguza, amaloweza usiku kukacha zonse zathawa, ndiye asiye Chemistry angolimbikira Biology?

Mwanawe usasiye ayi. Maphunziro a zakudya kaya ku LUANAR (Bunda uja) kaya ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo) ali ndi Chemistry yambiri ukangolowa, ndipo posankha anthu amayang'ananso ma credit a masayansi pa MSCE. Vuto lako ndi kulowezako.

Taona, zinthu zitatu zonsezi zili ndi carbon, hydrogen ndi oxygen, protein yokha ndiye imawonjezera nitrogen. Starch (mtundu wa carbohydrate) ndi protein zili ngati mikanda yoti aitunga pa ulusi. Mu starch, amene wadzadza mu nsima, chinangwa ndi mbatata, mkanda uliwonse ndi shuga wotchedwa glucose, C6H12O6 uja. Mu protein wa usipa kapena nyemba mikanda yake ndi ma amino acid, alipo mitundu 20 ndipo amalumikizana ndi peptide bond. Mafuta, ma lipid aja, ndi osiyana pang'ono, glycerol mmodzi amagwira ma fatty acid 3 basi. Polumikiza pamatuluka madzi, ndiye condensation imeneyo, podula pamalowa madzi, hydrolysis. Ukagwira ziwirizi mutu wa digestion wautha kale theka.

Ndipo hydrolysis umaiona pakhomo. Agogo akathira chimera mu phala lija losazuna, pakapita nthawi limasungunuka n'kuyamba kutsekemera asanathire ndi shuga yemwe, chifukwa mawere akamera amakhala ndi amylase, enzyme imene imadula starch kukhala shuga wotchedwa maltose. Thobwa ameneyo. Amylase yemweyo ali m'malovu ako, tafuna buledi nthawi yaitali umve. N'chifukwa chakenso chimera sathira phala lili gaduuu pamoto, amadikira lipole kaye, enzyme ndi protein ndipo ikapsa kwambiri imawonongeka.

Ma food test ndiwo uloweze ndithu chifukwa a MANEB amawakonda pa practical. Iodine pa starch imapereka blue-black. Benedict's pa glucose imafika brick red koma mpaka utenthetse, ana ambiri amaiwala kulemba zotenthetsazo malikisi n'kupita. Biuret pa protein ndi purple, yosatenthetsa. Mafuta ukawasungunula mu ethanol n'kuthira madzi amayera mbuu. Ngati kusukulu kwanu lab ilibe zinthu, iodine wa pa bala uja wa ku pharmacy amagwira ntchito, donthezera pa ufa kenako pa mchere uone kusiyana.

Manambala sunga awiri okha: gramu imodzi ya carbohydrate kapena protein imapereka mphamvu pafupifupi ma kilojoule (kJ) 17, ya mafuta pafupifupi 37 kJ. Funso likabwera loti pakati pa mtedza ndi chinangwa zolemera mofanana champhamvu zambiri n'chiti, yankha mtedza, ndipo chifukwa chake utchule mafutawo.