Yankho kwa achemwali pa nkhani ya buledi wa chuku

Achemwali, ndamvera uthenga wanu uja, ndipo ndamva dandaulo lanu lakuti aphunzitsi amuletsa mwana wathuyu kutenga buledi wake wa chuku kupita naye ku chionetsero cha sayansi cha ana a sukulu chotchedwa Eskom Expo kumeneko ku Johannesburg, pamene iye wakhala milungu itatu akufufuza ngati buledi amachita chuku msanga pa malo otentha kapena mu fuliji. Mwafunsa ngati kumeneku si kumupondereza. Ine ndikuona kuti aphunzitsiwo achita bwino, ndipo ndikufotokozereni chifukwa chake, popeza nanenso ndinayang'anirapo ana pa zionetsero zotere nthawi imene ndinkaphunzitsa sayansi.

Zionetsero zambiri za ana a sukulu zimatengera malamulo a chionetsero chachikulu cha ISEF, chimene bungwe la Society for Science limachititsa chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi ku America, ndipo ena mwa ana opambana ku Eskom Expo amatumizidwa kumeneko. Malamulo a ISEF amaletsa kuika pa tebulo chinthu chilichonse chamoyo, ngakhale mbewu yomera m'chitini, komanso chakudya, dothi, magazi, singano, mipeni, moto ndi mankhwala a mtundu uliwonse. Buledi wa chuku ndi woletsedwa pawiri, chifukwa ndi chakudya, komanso chukucho ndi chinthu chamoyo. Chuku chikakhwima chimatulutsa timbewu tosaoneka ndi maso timene timauluka mu mpweya, ndipo pepala la pulasitiki lokutira bulediyo likangobooka m'holo yodzaza ana mazanamazana, amene angavutike koyamba ndi mwana wodwala mphumu, monga muja amabanikira mdzukulu wanu wamkulu nyengo yozizira. Ndipotu malamulo omwewo amati kafukufuku wa chuku pa chakudya wochitikira kunyumba aziimitsidwa chukucho chikangoyamba kuoneka, kotero buledi amene wafika pobiriwira yense anayenera kutayidwa kale. Mumuuze amutaye osatsegula mapepalawo, ndipo asayese n'komwe kununkhiza.

Lamulo limene limadabwitsa makolo ambiri ndi lakuti ngakhale madzi enieniwa saloledwa pa tebulo. Poyamba nanenso ndinkaona ngati n'kukokomeza, koma taganizani kuti woyendera holo sangadziwe ngati m'botolo loyera muli madzi kapena asidi, komanso pansi pa matebulo pamadutsa mawaya a magetsi amphamvu ya mavoti 230, monga momwe aliri kumeneko. Chaka china mnyamata wina wa pa sukulu imene ndinkagwirapo ntchito anabisa m'chikwama botolo la viniga ndi soda, pofuna kuti akadabwitse oweruza. Anasakaniza ziwirizo n'kutseka chivindikiro mwamphamvu, mpweya unadzaza mkatimo, ndipo chivindikirocho chinathawa n'kukagunda malata. Thovu linanyowetsa zolembalemba za mtsikana wa pa tebulo loyandikana nalo mpaka inki yonse kusungunuka, ndipo mtsikanayo anaima pamaso pa oweruza ndi pepala lofiirira losawerengeka, akulira. Palibe anavulala, koma chivindikiro chija chikanatha kumenya munthu m'diso. Pa chifukwa chomwechi batire ya galimoto, imene imakhala ndi asidi wamadzi mkati, nayonso siloledwa.

Tsono chimene mwana ayenera kuchita ndi ichi. Oweruza safuna kuona buledi weniweniyo, amafuna umboni wakuti ntchito inagwiridwa mwadongosolo. Mwanena kuti ankajambula zithunzi tsiku lililonse pa foni yanu, ndipo kumeneko ndiye kupulumuka kwake. Azisindikize, azimate motsatana masiku, kuyambira tsiku loyamba pamene buledi anali woyera mpaka pamene timadontho tinayamba kuoneka, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse alembe tsiku, malo amene buledi anasungidwa, ndi dzina la amene anajambula, chifukwa nalonso ndi lamulo. Ngati pa chithunzi china pakuoneka nkhope ya mng'ono wake kapena mnzake, pamafunika chilolezo cholembedwa, choncho chapafupi n'kusankha zithunzi zoonetsa buledi yekha. Kope limene ankalembamo zimene akuona alitenge momwe liliri, ngakhale lili ndi zofufutafufuta, asalikopere pena kuti lioneke laukhondo, popeza oweruza amakhulupirira kwambiri kope lotha ndi manja kusiyana ndi loyera mbee.

Za kukula kwa bolodi, ku ISEF malire ake ndi masentimita 122 m'lifupi ndi 76 kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, koma inu mutsatire muyezo umene uli pa chikalata cha malamulo chimene aphunzitsi apereka, ndipo muyeze bolodilo ndi tepi musanamate kanthu. Muonetsetsenso kuti likuima lokha osagwedera, chifukwa katoni yofewa imagwa munthu akangokhudza tebulo.

Loweruka madzulo mumupatse foni, ndidzamufunse mafunso monga momwe oweruza amafunsira, makamaka lakuti n'chifukwa chiyani buledi wa mu fuliji anachedwa kuchita chuku, kuti akafike kumeneko atazolowera kufotokoza ndi pakamwa pake.