Msuwani, funso lako la chakhumi lija

Eee, moni nonse m'gulu muno. Koma iwe msuwani, ndi iweyo amene ndikukufuna. Funso lako ndaliona m'mawa, ndiye ndinati ndisalembe, zala zangazi ukuzidziwa, ndikalemba mawu atatu awiri amatuluka opindika. Ungomvetsera basi, ukatopa uimitse.

Wafunsa kuti chakhumi munthu amachotsa pa malipiro onse kapena pa zotsala akadula msonkho. Ndaona ena ayankha kale. Wina waponya Malaki 3, wina kachithunzi ka manja opemphera, azakhali angolemba kuti "Ameni" osayankha kanthu. Hahaha, pepani azakhali, ndikudziwa mukumva. Koma ine nditawerenga ndinaseka ndekha. Iwe? Iwe amene unkatichitira masamu tonsefe patchuthi, lero usokonezeke ndi magawo khumi? Ayi, usandinamize. Ndiponso ndaona nthawi imene unatumiza. 2 koloko usiku. Munthu sadzuka 2 koloko usiku chifukwa cha msonkho.

Ndikuona ngati... dikira, ndiyambe ndi amalume, ubwino wake iwo satha kutsegula mauthenga a mawuwa.

Ukukumbukira chaka cha bokosi la zida lija? Unali wamng'ono, kapena unali kwa agogo nthawi imeneyo... ayi, unalipo. Amalume anapita ku mapemphero a usiku wonse. Mlaliki, sindimutchula, anati aliyense apereke chinthu chimene amachikonda kwambiri, chimene mtima ungapweteke nacho, ndipo pasanathe mwezi adzaona zodabwitsa. Amalume ndalama analibe. Anabwerera kunyumba m'bandakucha, ananyamula bokosi lawo lonse, macheka, hamala, chilichonse mpaka pensulo imene ankaika kukhutu ija, kukapereka. Mmisiri wa matabwa kupereka zida zake! Kenako anakhala pakhonde ndi Baibulo pamiyendo, kudikira.

Sabata yoyamba anali kuimba. Yachiwiri kuimba kunachepa. Yachitatu akazi awo anatuluka, anaima pakhomo manja m'chiuno, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, akhwangwala a Eliya aja asochera njira kapena?" Ine ndinali pomwepo, ndinathawira kuseri kukaseka. Amalume sanayankhe. Koma tsiku limenelo anatsegulanso 1 Mafumu 17 n'kuwerenga okha bwinobwino, ndipo ndi iwo amene anadzandionetsa zimenezi ndili wamkulu. Akuti taona, akhwangwala ankabweretsadi mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo, koma mtsinje wa Keriti unadzaphwa. Unaphwa ndithu, mneneri ali pomwepo. Ndipo Mulungu sanaudzazenso, anamuuza kuti nyamuka upite ku Zarefati. Akuti ine ndakhala pamtsinje wouma milungu itatu, ndipo ndauumitsa ndekha.

Ndiye anachita chiyani? Apa ndi pamene ndimawapatsira ulemu. Anafunsafunsa kumene zida zija zinathera, anapeza kuti zinapatsidwa kwa mnyamata wina amene ankaphunzira ukalipentala. Sanakalande. Anati chimene ndinapereka ndinapereka. Anakamupempha kuti azibwereka masana iye akaweruka, ndipo pobwereza anayamba kumuphunzitsa. Tangoganiza, bambo wamkulu kubwereka macheka ake omwe kwa mwana. Anthu anawaseka, ifenso tinawaseka, iwe unkayenda kumbuyo kwawo n'kumalira ngati khwangwala, usakane. Panatha miyezi ingapo asanagule zida zina, chimodzichimodzi.

Kuyambira pamenepo ndi pamene kanabadwa kabuku kaja. Kofiira kaja, ka mphira yomangira. Ine ndinakaona mkati patchuthi china atandituma kuti ndiziwagwirira matabwa. Tsamba lililonse analigawa ndi rula. Za kutchalitchi mbali yake, za pakhomo mbali yake, za kugula misomali ndi guluu mbali yake, ndiye kumapeto kamzere kakang'ono kopanda mutu. Ndinawafunsa kuti kameneka n'kachiyani. Anati ndi m'mphepete mwa munda. Sindinamve. Akuti pa Levitiko 19 anthu anauzidwa kuti pokolola asamalize mpaka m'mphepete, ndipo zogwa asatole, azisiyira osauka ndi alendo. Rute uja anapulumukira pamenepo m'munda wa Boazi. Akuti ine munda ndilibe, m'mphepete mwanga ndi kamzere aka ndi zidutswa za matabwa izi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina kudzapempha ndalama. Anayamba ndi moni wautali, kenako mavesi, kenako misozi pang'ono. Amalume anatsegula kabuku, anayendetsa chala pa kamzere kaja, anatseka. Anati mwezi uno zatha, pepani. Basi. Osapsa mtima, osachita manyazi. Ine magazi anazizira. Ndinati awa si omwe aja anapereka bokosi lonse? Bambo uja atapita amalume anandifunsa kuti unaona mmene amakhalira kwawo? Ndinati ayi. Akuti zenera lawo latsekedwa ndi katoni. Mawa lake tinasankha zidutswa, anapala, anakhoma, ndinanyamula ine pamutu. Mpaka lero bambo aja sadziwa kuti n'chifukwa chiyani anamanidwa ndalama n'kupatsidwa zenera.

Aaa, ndatalikitsa. Ndimati chiyani... eya, iwe.

Ndikuganiza kuti funso lako lenileni ndi lakuti: ndikachepetsa, Mulungu andisiya? Kontirakiti yako ikutha, tonse tikudziwa ngakhale sitikunena. Mankhwala a amayi ako ali pa iwe. Fizi ya kamng'ono kako ili pa iwe. Ndipo m'gulu momwe muno, tisanamizane abale, aliyense akapanikizika foni yoyamba ndi yako. Inenso ndilimo, sindinaiwale za mwezi wa chiwiri zija, ndibweza. Ndiye wakhala ndi pepala usiku, masamu sakutuluka, ukufuna wina akuuze kuti kuchotsa pa zotsala si tchimo, kuti upumeko. Koma ngakhale titakuuza choncho sugona, chifukwa chimene chikukudya ndi mantha akuti iweyo ukaphwa tonse taphwa.

Za chakhumi chenichenicho ndiyankhe mwachidule, usati ndazemba. Mipingo imaphunzitsa mosiyana, ena amati pa zonse, ena pa zimene walandira m'manja, ena amati m'Chipangano Chatsopano mulibe muyeso woikika. Anthu a nthawi ya Mose analibe pepala la malipiro lodula msonkho pamwamba, ankapereka za m'munda ndi ziweto. Pa Deuteronomo 14 palinso chakhumi cha chaka chachitatu chilichonse, chimene chinkasungidwa m'midzi kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Ndiye kambirana ndi abusa ako, usankhe, ukhazikike. Ine ndimachotsa pa zimene zafika m'manja mwanga. Sindinamvepo bingu.

Koma za amayi ako ndiye ndinene mosabisa. Pa Marko 7 Yesu anadzudzula anthu amene ankauza makolo awo kuti chimene ndikanakuthandizani nacho ndi Korban, ndachipereka kwa Mulungu, n'kuwasiya osawathandiza. Anawadzudzula kwambiri. Paulonso pa 1 Timoteo 5 ananena mawu olemera kwa munthu wosasamalira a pabanja pake. Ndiye mankhwala aja usawaone ngati ukubera Mulungu. Usayerekeze.

Mvetsa bwino, sindikuti usamapereke. Ayi ayi, azakhali asandidule mawu. Wamasiye wa pa Marko 12 anaponya timakobidi tiwiri, zonse zimene anali nazo, Yesu anamuyamikira. Akhristu a ku Makedoniya anali osauka zedi koma anachita kumuchonderera Paulo kuti nawonso asonkhe nawo zothandiza abale a ku Yerusalemu. Zimenezo zilipo, ndipo ine zimandichititsa manyazi. Koma m'chaputala chomwecho, 2 Akorinto 8, Paulo akunena kuti mphatso imalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe, ndiponso kuti cholinga si chakuti ena apepukidwe inu muvutike, koma kuti pakhale kufanana. Lero zanu zithandize iwo, mawa zawo zithandize inu. Mawu amenewa alaliki ambiri amawalumpha. Ndipo chitsanzo chimene anatenga ndi mana. Wotola zambiri sanatsale nazo, wotola pang'ono sizinamuchepere.

Mana amenewo uwaganizire. Zaka 40 m'chipululu, muyeso umodzi pa munthu tsiku lililonse. Amene ankasunga mwa mantha ankapeza mphutsi m'mawa, kupatula tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatola miyeso iwiri chifukwa cha Sabata. Koma ankagwa kunja, osati m'kamwa. Ukagonereza dzuwa likatentha ankasungunuka. Ndipo atangoyamba kudya za m'dziko la Kanani, mana analeka. Mulungu yemweyo ku Igupto anachita mwanjira ina, anagwiritsa ntchito Yosefe ndi nkhokwe, gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 7 za dzinthu, kuti anthu adutse zaka 7 za njala. Kwina anati musasunge, kwina anati sungani. Ndiye amene amakuuza kuti kusunga ndi kusakhulupirira, umufunse za Yosefe. Mbalame za pa Mateyu 6 zija Atate amazidyetsadi, koma unaonapo mbalame itakhala pakhonde ngati amalume?

Eee, ndiye nachi chimene ndimafuna kunena kuyambira poyamba. Iwe si gwero. Ndiwe mdindo chabe, wosunga za mwini wake. Mdindo amawerengera, amagawa, nthawi zina amati zatha, ndipo usiku amagona, chifukwa nkhokwe si yake. Iwe wadziika pampando wa Mulungu m'banja lino, ndipo ife takusiya ukhalepo chifukwa zimatikomera. Tsika.

Kuwerengera si kuchepa kwa chikhulupiriro. Unamvapo za George Müller, uja ankalera ana amasiye ku Bristol, ku England? Anamwalira mu 1898. Anthu amakonda kunena kuti sankapempha ndalama kwa munthu, ankangopemphera, ndipo ana opitirira 10,000 anadutsa m'nyumba zake. N'zoona. Koma saonjezera kuti bambo ameneyu ankalemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ankatulutsa malipoti, ndipo ngongole ankaikana. Pemphero ndi kabuku zinkayendera limodzi. Ngakhale wamasiye wa kwa Elisa uja, pa 2 Mafumu 4, mafuta atadzaza mbiya zonse zimene anabwereka, mneneri anamuuza kuti kagulitse, ubweze ngongole, zotsalazo udye ndi ana ako. Ngongole poyamba. Sanamuuze kuti bweretsa zonse kuno.

Ndiye chita chonchi... ayi, ndisakulamule, ndiwe wamkulu, ngakhale kwa ine ukadali kamwana kolira ngati khwangwala. Ndingopempha. Khala pansi masana, osati usiku. Lemba za kutchalitchi zimene mtima wako watsimikiza, mosakakamizidwa, paja Paulo anati Mulungu amakonda wopereka mokondwera, ndipo iwe masiku ano umapereka ukuluma mano, tikuona. Lemba za amayi. Lemba zosunga, chifukwa kontirakiti ikutha. Ndiye usiye kamzere ka m'mphepete, kakang'ono kapena kakakulu, zili kwa iwe. Kakatha katha. Wina akaimba, ngakhale ineyo, unene kuti mwezi uno zatha. Sudzafa. Ifenso sitidzafa, tinkadya usanayambe ntchito. Ndipo mwina ulibe ndalama koma uli ndi zenera, iwe umatha kulemba makalata ofunsira ntchito, theka la anyamata a m'gulu muno akufunika zimenezo kuposa ndalama ya basi.

Wandimva? Si iwe amene umagwetsa mana. Iwe umangotola muyeso wako n'kugawana ndi amene sanathe kutola. Mtsinje uwu ukaphwa, Zarefati aliko, ndipo mwina Zarefati wakoyo ndi ifeyo, nthawi yathu yobweza yakwana. Abale, mwamva? Ndikunena inu amene mwangoti zii mukumvetsera. Fizi ya temu ikubwerayi tigawane, ine ndiyamba. Ndanena pagulu dala kuti ndisathawe.

Ndibwerezenso kamodzi chifukwa ndikukudziwa, umva zonsezi n'kungotolapo za msonkho zokha. Za mwini wake ndi za mwini wake, iwe ungosunga bwino. Banja lino silili pamsana pako.

Batire yafiira. Madzulo ndikuimbira, uyankhe, usandipatse zija zakuti unali kubafa. Ndipo wina apite akawatsegulire amalume uthengawu... ayi, ayi, dikirani, musawatsegulire. Za akhwangwala zija sanandikhululukirebe.