Za punch wafunsa zija, msuweni

Halo... zikujambula? Eya. Msuweni, ndaona funso lako pa gulupu, lakuti punch ali ndi matanthauzo angati. Iwe, dikishonale wayamba kuikonda liti? Munthu safunsa zoterezi 11 koloko usiku popanda chomusowetsa tulo. Azakhali andinong'oneza kale za uthenga wa abwana ako. Koma taima kaye, ndifikako.

Loyamba ukulidziwa, nkhonya, chibakera. Ku Britain uliko akati punch-up ndiye kuti kwabuka ndewu, kawirikawiri ya kumowa. Lachiwiri ndi kuboola. Kamakina ka muofesi koboolera mapepala kaja, kamene kamasiya mabowo awiri otalikirana masentimita 8 kuti alowe m'fayilo, nako ndi punch. Ndiye apa mpamene ankolo a ku Ndirande anagwera.

Ukuwadziwa ankolo ndi zitsulo zawo. Kwa iwo punch ndi centre punch basi, kachitsulo ngati msomali wonenepa, nsonga yake ya madigiri 90. Umakaimika pomwe walemba chizindikiro, kukamenya kamodzi ndi hamala, kamasiya kadzenje. Ukapanda kutero drill imaterereka, bowo limapita pambali, mahinji a geti osakumana, ndipo ka bit kakang'ono ngati ka mamilimita 3 kamangothyoka. Analinso ndi pin punch yotulutsira mapini, ndi hollow punch yoboolera malamba ndi magasiketi. Tsono chaka chijachi, chisanachitike cha njinga chija... ayi ndanama, chitachitika kale, chifukwa anali akutsimphina. Mayi wachizungu wa ku mishoni uja, amene anamuwotcherera mawindo, anawaitana ku phwando la Khirisimasi, nkuwauza kuti can you help me with the punch. Ankolo anangoti yes madam, ulendo wa kushopu. Anabwera ndi mpukutu wawo wa kanivasi, mapanchi asanu ndi imodzi ndi hamala, atavala jekete ya kutchalitchi. Kulowa m'khitchini, apeza chimbale chagalasi chodzaza madzi a zipatso, mandimu odula akuyandama pamwamba, chipande chili pambali. Mayiyo amangofuna womunyamulira chimbalecho! Punch ameneyo ndi chakumwa. Ambiri amati dzinalo linachokera ku India, ku mawu akuti panch, kutanthauza zisanu, poti ankasakaniza mowa, shuga, mandimu, madzi ndi zonunkhiritsa. Koma ankolo, eee, sanagwe nkhope ayi. Ananyamula chimbale, kenako nkuona chitseko cha kabati chili lendee, anagwada pomwepo ndi jekete yawo, kutulutsa pini, kuwongola, kubwezera. Anabwerako ndi ntchito ya geti. Afunse, akuuza kuti anadziwa kale.

Ndinali pati? Eya. Kuntchito ukamva punch in ndi punch out, ndi kudinda nthawi yolowera ndi yowerukira. Kale inali khadi yolowetsa m'wotchi, pano ndi chala kapena nambala. Kumeneko ambiri amati clock in. Ndipo usadzadindire mnzako, ngakhale akupemphe bwanji, amachotsa nazo ntchito zimenezo.

Zotsalazi zambiri zinachokera ku masewera a nkhonya. Wina akati I won't pull any punches, akunena kuti alankhula mosapsatira, osabisa Chichewa. Roll with the punches ndi kupirira zokugwera nkumapitabe, ngati wankhonya wopendeketsa mutu kuti chibakera chisamupeze ndi mphamvu zonse. Beat you to the punch ndi kukuyambirira. Ndiye mawuwa usamawatole okha, uziyang'ana anzake oyandikana nawo.

Tsono zako. Anakulembera kuti you are punching above your weight, si choncho? Ndiye iwe waona punch, waona weight, mtima phaa, kuti akunena za thupi lako, kapena kuti ukudzikweza. Ayi ndithu. Ankhonya amawagawa potengera sikelo. Wa flyweight sapitirira makilo 50.8, pomwe light heavyweight, gulu lomwe Isaac Chilemba wathu anatchukira, limafika 79.4. Tangoganiza kamnyamata ka makilo 50 kakulimbana ndi chimunthu chotero, nkumachigwedeza. Ndi zimenezo. Akuti ukugwira ntchito yoposa udindo wako, ndipo ukuikwanitsa. Akukuyamikira, msuweni.

Pamodzi pokha pofunika kusamala. Anyamata akumeneko akamacheza nkunena kuti he's punching, amatanthauza kuti mkazi wake ndi chiphadzuwa kuposa mwini wakeyo. Amuna ako aja timawanena choncho tonse, usawauze. Koma bwana polemba za ntchito sanena zimenezo, ndi chiyamikiro chenicheni, cha sikelo ya kubafa mulibemo.

Mawa uyankhe mwachidule, thank you, I appreciate that, basi, osapepesa chilichonse. Uthengawo usaufufute, uujambule usunge, udzautulutse tsiku lokambirana za malipiro, chifukwa wavomera yekha kuti ukusenza zoposa zomwe amakulipira. Wamva? Sanakunyoze, wakutama. Kagone tsopano, upereke moni kwa ana, ndipo ankolo akamva voice iyi ine kulibe.