Amayi ali pa dayalisisi: kodi akayezetse khansa thupi lonse?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Katete. Amayi ake a zaka 54 impso zawo zinasiya kugwira ntchito chifukwa cha shuga ndi BP, ndipo papita zaka 3 akupita ku Chipata kukasefetsa magazi pa makina, zimene amati dayalisisi. Wachibale wina wa ku Lusaka wawauza kuti odwala impso sachedwa kugwidwa khansa, ndiye akayezetse thupi lonse. Akufunsa ngati n'zoona, komanso kuti kandalama kamene kalipo kayambe kupita kuti.

Achemwali, wachibale wanuyo sananame. Koma za "thupi lonse" ine sindikugwirizana nazo.

Khansa imene imachuluka mwa anthu a dayalisisi si iliyonse ayi. Kwenikweni ndi ya impso zomwezo, ya chikhodzodzo ndi ya chithokomiro. Impso zikakhala zaka zambiri osagwira ntchito zimamera timatumba ta madzi, ndipo mwa anthu ena khansa imayambira mmenemo. Chitetezo cha thupi nachonso chimafooka, motero mavairasi oyambitsa khansa, monga HPV ndi hepatitis B, amapeza mpata. Amene anaikidwa impso ya munthu wina ndiye chiopsezo chawo chimakwera kawiri kapena katatu, chifukwa cha mankhwala ofooketsa chitetezo ngati tacrolimus. Kwa iwo timaopa Kaposi sarcoma, ija ya zigamba zakuda m'miyendo ndi m'kamwa, imene kuno tinaidziwira pa HIV.

Nanga n'kuletseranji kuyeza zonse? Kuyeza munthu amene sakumva kalikonse, monga pa khansa ya bere kapena ya matumbo, phindu lake limaoneka patapita zaka pafupifupi 10, pamene mavuto ake amabwera lero. Munthu wa pa makina amapatsidwa heparin kuti magazi asaundane m'mapaipi, ndiye poyeza khansa ya matumbo timagazi tikhoza kupezeka m'chimbudzi popanda khansa. Zikatero amutumiza kukaunika matumbo ndi kamera, amwe mankhwala otsegula m'mimba, ndipo ena mwa mankhwalawo ali ndi mchere wa phosphate umene thupi la impso zosagwira ntchito silingathe kuuchotsa. Onjezanipo ulendo wa ku Lusaka pa Great East Road, makilomita pafupifupi 500, kwa munthu amene sayenera kuphonya tsiku la makina. N'chifukwa chake mu 2012 bungwe la American Society of Nephrology linalangiza kuti odwala dayalisisi ofooka kwambiri, opanda zizindikiro, asamayezedwe khansa mwachizolowezi. Amene akukonzekera kuikidwa impso, awo amayezedwa ndithu.

Koma malangizowa analembedwa ku America, kumene a dayalisisi ambiri ndi okalamba. Amayi anu ali ndi zaka 54, ndipo ku Zambia khansa imene ikupha azimayi kwambiri ndi ya khomo la chiberekero. Iyi yokha musaizengereze. Pulogalamu yoyeza khansayi inayamba m'dziko muno mu 2006, ndipo kuyeza kwake sikufuna impso zabwino: namwino amapaka vinega pakhomo la chiberekero n'kuyang'ana ngati pali poyera, kapena amatenga kathonje kukayeza HPV, vairasi yoyambitsa khansayi. Pa zaka zawozi namwino akhoza kusankha ya HPV, poti malo oyang'anawo amabisika mayi akasiya kusamba. Ngati ali ndi HIV, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiopsezo chimachuluka ka 6, choncho asadikire n'komwe. Funsani ku chipatala cha St Francis ku Katete konko kapena pa tsiku la makina ku chipatala cha Chipata Central, ulendo ukhale umodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'china. Munthu akangotchedwa "wa impso", chilichonse chimakankhidwira ku impso. Waonda, ati ndi impso. Magazi achepa, ndi impso. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma pali zina zimene simuyenera kuvomera yankho limeneli: magazi mumkodzo ngakhale ukutuluka wochepa, kutaya magazi kumaliseche atasiya kale kusamba, chotupa m'bere kapena m'khosi, chakudya kutsamwa pomeza, kulemera kumangotsika mwezi ndi mwezi pa sikelo ya ku dayalisisi. Apa sitikunenanso zoyeza munthu wabwinobwino. Uku ndi kufufuza matenda, ndipo kuyenera kuchitika msanga, ngakhale zitafika potumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ngati amayi anadwalapo likodzo ali mtsikana, auzeni adokotala, chifukwa likodzo lokhalitsa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Sikani ya ultrasound ya impso ndi chikhodzodzo ilibe vuto kwa iwo, ndipo mukhoza kufunsa adokotala a impso ngati yafika nthawi yake.

Ziwiri zotsiriza n'zosadula. Funsani ngati anayezedwa hepatitis B n'kubayidwa katemera wake; kwa a dayalisisi mlingo umakhala wokulirapo ndipo nthawi zina amabwereza. Kenaka nshawa ndi chimanga za chuku musamaziphike, ngakhale kuzisinja kuti zisaoneke. Chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphedwa ndi moto wa pamafuwa, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi khansa imabwera mosavuta. Nshawa zabwino zomwe, amayi asamadye zambiri asanafunse ku chipatala, chifukwa zili ndi mchere wa potassium ndi phosphorus wochuluka.